Pogula pikapu ya dizilo yogwirapo ntchito, zaka ndi mayileji si mboni zokwanira

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanuyi tilankhule ndi alimi, amabizinesi ndi ena onse amene akusonkhanitsa ndalama zogulira pikapu ya dizilo yogwirapo kale ntchito. Fodya ndi soya zikangogulitsidwa, funso limene limamveka kwambiri m'magalaja ndi ili: "Pali galimoto ziwiri, mtengo ndi umodzi. Ina ndi yakale koma yayenda pang'ono, ina ndi yaposachedwa koma yayenda kwambiri. Nditenge iti?" Ife amene ntchito yathu ndi yokonza injini za dizilo zimatipweteka kuona ndalama za thukuta zikuthera pa ovaholo (kuphwasula injini yonse n'kuikonzanso) chaka chisanathe, chifukwa choti wogula anangoyang'ana manambala awiriwa n'kulipira.

Choyamba kudziwa n'chakuti zaka ndi makilomita sizidya zinthu zofanana. Makilomita amadya chitsulo: maring'i a mapistoni, mabering'i, manozo, turbo, klatchi, difu. Zaka zimadya malabala ndi mapulasitiki, kaya galimoto ikuyenda kaya yangoima: mapaipi a madzi amauma n'kuchita ming'alu, masilo amayamba kudontha, mabushi amang'ambika, mutu wapulasitiki wa radiyeta umafika pophwanyika ngati chikho chakale, mawaya amakakamala. Zaka zimabweretsanso dzimbiri. Zambiri mwa zimene zaka zimawononga zimaoneka ndi maso ndipo mutha kumazisintha chimodzichimodzi, kupatula dzimbiri la chasisi. Zimene makilomita awononga zimabisala m'kati mwa injini, ndipo zikatulukira zimafuna ndalama zambiri nthawi imodzi.

Komabe musafulumire kunena kuti ndiye yoyenda pang'ono ndiyo yabwino. Injini simadziwa makilomita, imadziwa maola amene yakhala ikulira ndi mmene yalirira. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pikapu imene yayenda makilomita 240,000 pa tala, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu, pa liwiro la makilomita 80 pa ola, injini yake yalira maola 3,000. Ina yayenda makilomita 120,000 okha, koma m'tauni ndi m'misewu ya kumunda, pa liwiro la makilomita 25 pa ola: imeneyo yalira maola 4,800. Pamenepo sitinawerengere maola amene inkangolira itaima, dalaivala akudikira abwana mpweya wozizira uli woyatsa. Yachiwiriyi yalizidwa kambirimbiri injini ili yozizira, nthawi imene oyilo amakhala asanafike paliponse, yapondedwa klatchi kosawerengeka, yameza fumbi, ndipo njira zake za mpweya zadzaza mwaye chifukwa injini ya dizilo yosatenthedwa mokwanira imadzipaka yokha mwaye kudzera pa EGR, vavu imene imabwezera utsi wina m'injini. Pa dashibodi ikuoneka ya theka, koma m'kati ndiyo yokalamba.

Choncho chitani masamu ochepa musanaigwire n'komwe galimotoyo. Gawani makilomita ndi zaka. Pikapu ya zaka 6 ya makilomita 210,000 ikupereka 35,000 pa chaka, zomwe si zachilendo kwa galimoto ya kampani kapena ya bungwe yoyenda maulendo ataliatali. Ya zaka 14 ya makilomita 70,000 ikupereka 5,000 pa chaka. Pikapu anthu amagulira ntchito, sagulira kuiika pamthunzi. Mukapeza yotero, pali zinthu ziwiri: kapena inakhalitsa osayenda, kapena wina anabweza nambala. Zonse ziwirizi zili ndi mtengo wake. Yokhalitsa imakhala ndi madzi m'thanki ya dizilo, mabuleki ogwira dzimbiri, masilo ouma amene amayamba kudontha mukangoiyendetsa milungu iwiri.

Nambala ya pa dashibodi ndi mboni yosavuta kuinyengerera. Ngakhale ya digito imasinthidwa ndi kompyuta pa mphindi zochepa. Funsani mboni zina. Yang'anani labala wa pa pedulo ya klatchi ndi ya buleki: ngati wadyeka mpaka chitsulo kuonekera pakona, galimotoyo siyinayende makilomita 80,000, ngati ndi watsopano nyuwani pa galimoto yakale, funsani chifukwa chimene anamusinthira. Gwirani chiwongolero pomwe manja amakhala, onani ngati chasalala mpaka kunyezimira. Onani mbali ya mpando wa dalaivala pomwe munthu amatsetserekera potsika. Tsegulani chitseko ndi boneti, fufuzani timapepala ta sevisi tomata pamenepo. Ambiri obweza nambala amaiwala kachidutswa kolembedwa makilomita amene anasinthira oyilo kapena lamba. Pa malamba a m'mipando pamunsi pamakhala kansalu kolembedwa chaka chimene anapangidwa, kamene kamathandiza kutsimikiza zaka za galimoto. Matayala nawonso amanena: pambali pake, kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT, pali manambala anayi, 2319 ndiye kuti tayala linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Galimoto ya makilomita 40,000 imene matayala ake anasinthidwa kale onse anayi n'kutheranso ndi yofunika kuifunsa bwino.

Kumene galimoto yachokera kumasintha kuwerengera konseku. Zochokera ku United Kingdom zimawerenga mamailosi, osati makilomita, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, kotero 100,000 ya kumeneko ndi pafupifupi 161,000 ya kuno. Ubwino wake ndi woti mbiri ya MOT (kuyezedwa kwa chaka ndi chaka) ya galimoto ya kumeneko imaoneka pa intaneti mukalemba nambala yake yakale, ndipo imasonyeza mamailosi a chaka ndi chaka ndi zimene oyeza anadandaula nazo. Kuipa kwake ndi mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira. Mcherewo umadya chasisi kuchokera m'kati, moti pa galimoto za kumeneko zaka n'zoopsa kuposa mayileji. Nissan Navara D40 inatchuka kumeneko ndi vuto la chasisi chodyeka mpaka kuthyoka kumbuyo kwa kabu. Galimoto iliyonse yochokera ku UK ilowereni pansi ndi kahamala, gogodani chasisi chonse, makamaka pomwe pagwira masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimalira ngati mukugogoda thabwa lofumbwa. Utoto wakuda wonenepa wopakidwa kumene pansi pa galimoto usakusangalatseni, nthawi zambiri umabisa chinachake.

Zochokera ku South Africa, kumene Hilux imapangidwa ku Durban, Ranger ku Pretoria ndipo Isuzu ku Gqeberha, zimakhala ndi makilomita ambiri koma dzimbiri lochepa ngati zinkakhala kumtunda monga ku Gauteng. Za kugombe la nyanja yamchere n'zina. Kumbukiraninso madzi osefukira a ku KwaZulu-Natal mu April 2022, ndi kuno kwathu namondwe Freddy mu March 2023. Galimoto yomira imadziwika ndi fungo la chinyontho, matope ouma pansi pa kapeti, dzimbiri pa njanji za mipando, ndi mzere wa matope pa lamba wa mpando mukamukoka mpaka kumapeto. Yotero isiyeni ngakhale itatsika mtengo chotani, chifukwa mawaya ndi makompyuta ake amafa pang'onopang'ono.

Za ku Japan pali chinthu chimodzi chimene ambiri sadziwa. Toyota inasiya kugulitsa Hilux m'dziko la Japan mu 2004 n'kudzayambiranso mu 2017. Choncho wina akakuuzani kuti Hilux Vigo ya 2010 ndi ya "ex-Japan", dziwani kuti mwina yangodutsa m'manja mwa kampani ya kumeneko, koma inagwira ntchito kwina, kawirikawiri ku Thailand kapena ku UK. Galimoto yochokeradi ku Japan imakhala ndi satifiketi yotulutsira kunja yosonyeza makilomita amene inali nawo pamene inkayezedwa komaliza. Ipempheni, muifananize ndi dashibodi.

Tsopano tifike pa injini, chifukwa apa ndi pomwe funso la zaka limasanduka funso la kumene inu mumakhala. Pali mibadwo itatu. Wakale ndi wa pampu yamakina chabe, monga Toyota 5L, Nissan TD27 ndi Isuzu 4JA1. Injini zimenezi n'zaulesi pa chitunda, pa Chiweta mumakwera ndi giya yachiwiri mutanyamula, koma manozo ake amatseguka ndi mphamvu yosafika 200 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankha), zimapirira dizilo wosayera kwenikweni, ndipo makaniko wa pa boma lililonse amazidziwa. Wachiwiri ndi wa common rail, monga D-4D ya 2KD ya malita 2.5 ndi 1KD ya malita 3.0 za mu Hilux ya 2005 mpaka 2015, Isuzu 4JK1 ndi 4JJ1, Nissan YD25, ndi Ranger ya 2.2 ndi 3.2. Izi zimakankha dizilo ndi mphamvu yoposa 1,300 bar kudzera m'timabowo tochepa kwambiri. Zili ndi mphamvu, sizimwa kwambiri, koma madzi pang'ono kapena fumbi m'dizilo zimapha pampu ndi manozo, ndipo manozo atsopano amafunika kuwalembetsa mu kompyuta ya galimoto. Wachitatu ndi wa galimoto zokhala ndi DPF (sefa ya mwaye ya m'paipi ya utsi), zina mpaka AdBlue (madzi apadera ochepetsa utsi woipa), makamaka zochokera ku Ulaya.

Tikudziwa tonse zimene zimachitika mafuta akasowa m'dziko muno: anthu amathamangira zigubu, ndipo m'zigubumo mumapezeka madzi, zinyalala, nthawi zina parafini. Parafini alibe mafuta okwanira otereretsa pampu, ndiye chitsulo chimakhulana, timaphulusa take n'kulowa m'manozo onse anayi. N'chifukwa chake common rail ya makilomita 90,000 imene inamwa za m'zigubu itha kukhala yoipa kuposa ya 250,000 imene inkamwera pa filling station n'kumasinthidwa fyuluta pa nthawi yake. Ngati mumakhala kutali ndi tauni, kumene makina oyezera galimoto kulibe ndipo dizilo mumasunga m'madiramu, injini ya mbadwo wakale yosamalidwa bwino ingakutumikireni kuposa yatsopano. Ngati mumayenda maulendo ataliatali pa tala, common rail ndiyo yoyenera. DPF ndiyo tikuchenjezeni: imasefa mwaye n'kumauwotcha pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, ndipo kuti izi zichitike galimoto iyenera kuthamanga kwa kanthawi ndithu osaimaima. Ya m'tauni yokhayokha imatsekeka, dizilo amatsikira mu oyilo, oyilo n'kumakwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika. Imafunanso oyilo wake wapadera wosasiya phulusa lambiri.

Injini iliyonse ili ndi pofooka pake, ndipo wogula ayenera kufunsa za pamenepo. 1KD ndi 2KD zimayendera lamba wa taimingi amene amasinthidwa pa makilomita 150,000, pomwe 5L ndi pa 100,000. Koma lamba ndi labala, amakalamba ndi zaka. Galimoto ya zaka 12 ya makilomita 110,000 imene sinasinthidwepo lamba ili pangozi ngakhale nyali ya T-BELT, yokumbutsa za lambayo, isanayake. Akaduka, mavavu amakumana ndi mapistoni. Pa 1KD palinso timawashala ta pansi pa manozo: tikayamba kutulutsa mpweya, mwaye umalowa mu oyilo, umaundana n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo m'sampu, mabering'i n'kuuma, injini n'kunoka. Makaniko wodziwa amakhetsa oyilo n'kusuzumira sefayo ndi kakamera kudzera pa bowo la sampu. Manozo otha pa injini yomweyi amatha kung'amba pistoni. Mitsubishi 4D56 ili ndi malamba awiri, wa taimingi ndi wina waung'ono wa balansa. Waung'onoyo akaduka amakodwa mwa mnzakeyo, choncho amasinthidwa limodzi. YD25 imayendera tcheni, ndipo chikatamuka chimachita phokoso la wayawaya polizidwa m'mawa. Ranger ya 2.2 ndi 3.2 ili ndi pampu ya oyilo imene imatha kulephera kukokanso ngati oyilo wakhetsedwa n'kusiyidwa nthawi yaitali. Amakaniko amayesetsa kuthira watsopano pasanathe mphindi 10. Funsani kumene inkachitidwa sevisi. Hilux ya kuyambira 2016 ya 2GD ndi 1GD, komanso 4JJ1 ya Isuzu, zili ndi tcheni, kotero nkhawa ya lamba palibe, koma tcheni chimadalira oyilo woyera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kaoneni galimotoyo m'mamawa, ndipo muuzeni mwiniwake asailize musanafike. Ikani dzanja pa injini; ngati ili yofunda, bwererani mawa. Injini yotha imadzibisa ikatentha. Tembenuzani kiyi, onani ngati nyali zonse zayaka, ya injini, ya oyilo, ya batire, kenako zizime ikalira. Nyali yosayaka n'komwe mwina inachotsedwa dala. Ya dizilo yabwino imalira msanga. Wina aime kumbuyo aone utsi. Kautsi koyera kochepa kotha m'masekondi angapo si vuto. Utsi woyera wosatha wonunkha dizilo ndi manozo kapena kompuresheni yotsika. Woyera wopanda fungo la dizilo, madzi akuchepa mu radiyeta, ndi gasiketi ya hedi kapena choziziritsira utsi wa EGR (EGR cooler). Wabuluu ndi oyilo, wochokera m'maring'i kapena mu turbo. Wakuda wambiri poponda ndi manozo, fyuluta ya mpweya yotsekeka kapena paipi ya turbo yong'ambika.

Injini ikulira choncho, masulani chotsekera cha pothirira oyilo n'kuchisiya pamwamba pa bowolo osamanga. Chikamangovina pang'ono, zili bwino. Chikaponyedwa kumbali, utsi n'kumatuluka ngati wa pa mbaula ya makala aawisi, maring'i atha, ndipo zimenezo nambala ya pa dashibodi singazitsutse. Oyilo wakuda pa dizilo ndi wachibadwa. Woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena phala lolimba lomata pansi pa chotsekera. Injini isanatenthe, tsegulani radiyeta: madzi akhale a mtundu wa coolant, osati ofiira ndi dzimbiri, ndipo pasamatuluke thovu mosalekeza. Madzi a pa mjigo okhaokha amadya radiyeta, pampu ya madzi ndi hedi. Masulani fyuluta ya mpweya, pisani chala m'paipi ya kuseri kwake. Mukapeza fumbi, fumbilo ladutsa kale m'masilinda.

Musaumire ndalama ya makina oyezera. Pa D-4D makinawo amasonyeza mmene kompyuta ikuwonjezerera kapena kuchepetsera dizilo pa nozo iliyonse. Nambala ikapitirira 3.0 kumtunda kapena kumunsi, manozo atopa. Yezani injini ili yozizira komanso itatentha. Ngati mukukayikabe, yezetsani kompuresheni: pa injini za KD silinda yotsika pansi pa 20 bar, kapena kusiyana kopitirira 5 bar pakati pa masilinda, ndiye kuti ovaholo ili pafupi. Wogulitsa wokana kuyezetsa wakuyankhani kale.

Poyesa pamsewu, musakhutire ndi kuzungulira pa msika. Pezani chitunda, ikani giya yachinayi pa liwiro lotsika, pondani mafuta mpaka pansi. Injini ikakwera kulira galimoto osathamanga, klatchi ikuterera. Yang'anani muvi wa kutentha mpaka pamwamba pa chitundacho. Siyani mafuta potsika mumvere kulira kwa difu. Ngati ili 4x4, ilowetseni pa dothi, 4H ndi 4L yomwe, ilowe n'kutuluka popanda kulimbana nayo. Masulani pang'ono boti ya difu. Oyilo wotuwa ngati mkaka ndi umboni woti inkawoloka mitsinje.

Pali chinanso chimene zaka kapena mayileji sizinena, ndicho katundu. Pikapu ya kabu imodzi inapangidwira tani imodzi, matumba 20 a makilogalamu 50, anthu okwera n'kuwerengera momwemo. Tonse timaziona zitasenza matumba 35, anthu ena atakhala pamwamba. Ya matola kapena ya chimanga imadziwika: masipuling'i akumbuyo owongoka m'malo mopindika, masamba owonjezera omangiriridwa, malabala ogundira a pamwamba pa ekiselo ophwanyika, pansi pa bodi popindikira m'kati. Imani chapatali muyang'ane mpata wa pakati pa kabu ndi bodi. Ukakhala waukulu kumwamba, wochepa kumunsi, chasisi chinapindika. Fufuzani zowotcherera pa chasisi. Injini mutha kuisintha, koma chasisi chopindika chimadya matayala mpaka kalekale.

Ndiye titenge iti? Ngati zonse ziwiri zapambana mayeso amenewa, ife timasankha yaposachedwa yoyenda kwambiri, bola ikhale ndi buku la sevisi kapena malisiti osonyeza kuti oyilo ankasinthidwa pa makilomita 10,000 kapena kuchepera, ndipo makilomitawo ndi a pa tala. Injini za mapikapu amenewa zikasamalidwa zimadutsa makilomita 300,000 popanda kutsegulidwa. Yakale yoyenda pang'ono timaitenga pokhapokha nambala yake ili ndi umboni wa pa pepala, pansi pake palibe dzimbiri, ndipo mtengo watsika mokwanira kulipirira malabala onse. Ya makilomita ambiri yopanda pepala lililonse, iwerengereni ngati kuti manozo, klatchi ndi lamba zonse zikudikira inu, muchotse ndalamazo pa mtengo. Musanatsimikize, pitani m'mashopu a zipangizo ku Biwi, ku Limbe kapena ku Mzuzu mukafunse mtengo wa manozo, klatchi ndi turbo ya mtundu umenewo, ndiponso ngati zimapezeka osachita kuitanitsa kunja.

Pa mapepala, nambala yodindidwa pa chasisi ndi ya pa injini zifanane ndi za mu bulubuku, chilembo ndi chilembo. Tsimikizani ku Road Traffic kuti wogulitsayo ndiye mwini wake, musadalire madobadoba. Yochokera kunja ikhale ndi chilolezo cha apolisi ndi umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa. Samalani ndi zogulitsidwa ndi mabungwe: zambiri zimakhala zosamalidwa bwino, koma zina zinalowa popanda msonkho, ndipo nkhani ya msonkhowo iyenera kuthetsedwa ndi MRA umwini usanasinthidwe. Ngati mukuitanitsa nokha kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, funsani msonkho wake musanatumize ndalama.

Mukagula, musapite nayo kumunda tsiku lomwelo. Sungani ndalama ya sevisi yoyamba: oyilo wa injini ndi fyuluta yake, fyuluta ya dizilo, ya mpweya, oyilo wa giyabokosi, wa transfer ndi wa madifu, coolant, mafuta a mabuleki, girizi pa propshaft. Ngati palibe umboni wa lamba wa taimingi, musintheni pamodzi ndi tenshona yake, muonenso pampu ya madzi. Pa common rail onjezani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi fyuluta ya fakitale, ndipo nyali ya madzi a m'dizilo ikayaka, imani pomwepo mukhetse. Lembani tsiku ndi makilomita a zonsezi m'kabuku, kazikhala m'galimoto momwemo.

Ndife,
Amakaniko a galimoto za dizilo,
Lilongwe